Liwu Limodzi M'lamulo la Malo

Ophunzira awo ankawatchula kuti a Chikwanje, chifukwa chiganizo chachitali chikafika patebulo pawo chinkabwerera chili zidutswazidutswa. Mayiwa anayamba ngati loya wa milandu ya malo. Atatopa ndi kuona anthu akuluza chifukwa cha malamulo olembedwa mwaulesi, anapita kuyunivesite kukaphunzitsa kalembedwe ka malamulo. Anatha zaka makumi awiri ndi zitatu m'kalasi imodzimodzi ya mawindo osatsekeka, manja ali mbuu ndi choko.

Achimwene awo anali kalipentala, shedi yawo ili kuseri kwa depoti ya mabasi. M'mawa wina kunabwera chimakina cha khonsolo n'kuigumula pamodzi ndi mashedi ena khumi ndi anayi, popanda chenjezo. Zitseko zimene anali atangopala zinaphwanyikira pansi pa malata.

"Achemwali, si inu munkati khonsolo imayamba yachenjeza miyezi itatu?" anafunsa achimwenewo.

A Chikwanje anatsegula lamulo latsopano la malo. Pamene kale pankati khonsolo "iyenera" kuchenjeza, tsopano panali "ikhoza". Atafufuza, anamva kuti wolemba ndimeyo anali wophunzira wawo wakale, yemwe iwo eni anamulembera kalata yomuchitira umboni kuti apeze ntchito yolemba malamuloyo.

Anamupeza muofesi ya kapeti, fani ikuzungulira. Mpando anaukana.

"Iwe, unaphonya kapena unachita dala?"

"Mayi, takhalani kaye pansi."

"Ndakufunsa funso."

"Anandituma akuluakulu. Ndikanakana, akanalemba wina."

"Ndiye unawalembera mwaluso. Ndawerenga kasanu kufuna pogwira, palibe."

"Munatiphunzitsa kusasiya mpata, mayi," anayankha motsitsa mawu, maso ali patebulo.

A Chikwanje anatuluka osatsanzika.

Anakasuma kukhoti m'malo mwa eni mashedi onse, osalipiritsa munthu. Woweruza anati mawu a ndimeyo ndi omveka bwino, palibe chomasulira. Mlandu unathera pomwepo. Achimwene anasamutsira benchi yawo m'galaja ya a Chikwanje, ndipo za malamulo sanawafunsenso. Kungokhala chete kumeneko n'kumene kunkawapweteka koposa.

M'kalasi ukali unakula. Wophunzira akabweretsa ndime yosalala, ankamufunsa kuti, "Ndime imeneyi ikadzagwira ntchito, agone panja ndani? Mutchule." Ena anakadandaula kwa mkulu wa sukulu kuti zimenezo sizili pasilabasi. Mayiwa anamuuza mkuluyo kuti abwere adzaphunzitse yekha.

Tsiku lowatsanzika popuma ntchito, wophunzira wolemba ndime uja anabwera atavala suti, atanyamula mphatso ya wotchi yapakhoma. A Chikwanje anapatsa moni aliyense pamzere, koma atafika pa iye anagwira chikwama chawo ndi manja awiri mpaka iye anabweza dzanja lake n'kusiya wotchiyo patebulo.

Wotchiyo anaitola achimwene.

"Wolakwa ndi mwini wake, wotchi ilibe mlandu," anatero, n'kukaikhomera m'galaja.