Linga la Katoni ku South C

Ndinali ndi zaka khumi pamene aphunzitsi athu a mbiri yakale anatiuza kuti aliyense amange linga longa la ku Mombasa, lija lamiyala lokhala ndi mizinga yoloza kunyanja. Anzanga anadandaula, koma ine ndinanyadira chifukwa lingalo ndinali nditaliona ndi maso anga. Tinapitako pa tchuthi cha Disembala, ine, amayi ndi abambo, ulendo wotsiriza umene tinayenda tonse atatu.

Abambo ankagwira ntchito kubungwe lina la mayiko ambiri, ndipo tinkakhala ku Kenya, kudera la South C, m'nyumba ya mpanda wautali, pamwamba pake waya wamagetsi, pageti loko wamkulu ngati chibakera. Anali munthu wokonda kufotokoza zinthu, ngakhale zimene sunawafunse. Kulingako anandikweza pa mzinga wina, chitsulo chakuda chimene chinandiwotcha m'ntchafu ndi kutentha kwa dzuwa, nayamba kundiuza mmene asilikali ankathiramo wonga ndi chipolopolo chachikulu ngati dzungu. Amayi anaima patali pamthunzi, akudzikupiza ndi chipewa. Bambo amene ankationetsa malowo ananena kuti adani atazinga lingali, ambiri mwa amene anadzitsekera m'katimo sanafe ndi mfuti ayi, anatha ndi njala ndi matenda. Ine zimenezo zinangolowa khutu ili n'kutulukira linali. Mtima wanga unali pa mizinga basi.

Pamene ndinkayamba kumanga linga langa, m'nyumba mwathu munali mutazizira kale. Munalibe kukalipirana kapena kuswa mbale. Zikanakhala choncho mwina ndikanamvetsa. Amayi ankangoika chakudya patebulo osanena kanthu, abambo n'kudya maso ali pa nyuzi, ine ndinasanduka mthenga wa pakati pa khitchini ndi pabalaza. Kumudzi ankhoswe akanabwera n'kukhala pansi mpaka nkhani itatha, koma athu anali ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo ankangomveka pafoni, mawu akudukaduka. Anabwerapo mkulu wa mpingo wina, Mmalawi mnzathu wokhala ku Kahawa. Anapemphera, anamwa tiyi, napita.

Kenako ndinaona masutikesi awiri atatsitsidwa pamwamba pa wadiropu. Amayi anandiuza kuti akubwerera ku Malawi, ine nditsala ndi abambo kuti ndimalize sukulu. Chilolezo chawo chokhalira ku Kenya chinkadalira ntchito ya abambo, ndiye ukwati ukatha, nacho chatha. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Ndinathawira ku linga langa. Makoma anali a katoni, opakidwa dothi losakaniza ndi guluu. Mizinga ndinaipanga ndi machubu a bolopeni opakidwa polishi wakuda wa nsapato, zipolopolo zake njere zouma za papaya. Ndinaiika mbali zonse, yambiri kuposa imene ili ku Mombasa komweko, kuti mdani asapeze polowera.

Loweruka la ulendowo, masana, ndinatenga makiyi onse awiri a loko wa pageti, wa pamsomali ndi wa pamtolo wa abambo, n'kuwabisa m'kati mwa lingalo. Nzeru za mwana: geti likapanda kutseguka, ndege ipita yokha.

Takisi inafika n'kuyamba kuliza hutala kunja. "Mama, twende, kuna jam!" anakuwa dalaivala m'chinenero chakumeneko, kuwafulumizitsa amayi poopa kuti msewu wa Mombasa Road udzaza magalimoto. M'nyumba munayamba chipwirikiti.

"Mwaona m'thumba la jekete lanu?" anafunsa amayi.

"Ndaonamo kale. Inu taonani m'chikwama chanucho," anayankha abambo.

Ndili kuchipinda kwanga, mtima unadumpha. Ankalankhulana! Patapita miyezi yonseyo, makolo anga ankayankhana okha popanda ine, akusuntha mipando limodzi. Ndinakhulupirira ndithu kuti ndapambana.

Chitseko chinatseguka, analowa amayi, atavala kale diresi la paulendo, akununkhira mafuta awo aja a koko. Anagwada pafupi ndi lingalo, naliyang'ana nthawi yaitali, kenako anatukula denga lake. Makiyi aja anali mbee! pakati pa njere za papaya.

"Wamanga bwino, Tadala," anatero. "Koma mwana wanga, ukatitsekera muno, ukuganiza tikhala bwanji? Sunaone mmene takhalira?"

Anatola makiyiwo n'kuwaika m'dzanja langa, napinda zala zanga pamwamba pake.

"Tiye ukanditsegulire wekha. Sindikufuna ndituluke ngati ndikukuthawa."

Ndinayenda patsogolo pawo mpaka pageti. Abambo ananyamula masutikesi, maso ali pansi. Loko anali wolimba, ndipo palibe amene anandithandiza. Onse awiri anangoima kumbuyo kwanga kudikira. Atatseguka, amayi anandikumbatira mpaka mabatani a diresi lawo anandidinda patsaya. Takisi inakhota pakona, ine makiyi adakali m'manja.

Linga lija linapambana m'kalasi monse. Aphunzitsi anayamikira kwambiri kuchuluka kwa mizinga.

Tsopano ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndikamva kuti m'nyumba mwanga mwayamba kuzizira, sindidikira kuti zikule; ndimakhala pansi ndi bambo awo n'kulankhula, ngakhale mawu atawawa chotani. Mawu a bambo wa ku Mombasa aja ndinadzawamvetsa mochedwa. Chimene chinatha banja lathu sichinadumphe mpanda kapena kuthyola loko, chinali nafe m'katimo, tikudya nacho patebulo limodzi. Panalibe chimene mwana wa zaka khumi akanachita. Ndikudziwa zimenezo, komabe mpaka lero ndikamatsegulira munthu geti, dzanja langa limayamba lazengereza.