Anandisunga Popanda Jaji

Anandiitana Lachiwiri lina mu Novembala. Ndinapita kukasaina ku ofesi ya imigireshoni monga ndinkachitira mwezi uliwonse chikanidwire mapepala anga. Mayi wa pawindo sanandipatse cholembera. Anati, "Lowa khomo ilo, pali timafunso pang'ono." Chitseko chake chinalibe chogwirira mkati.

Ku London ndinabwera ndili mwana, kutsatira amayi omwe amasamalira okalamba ku Lewisham. Koleji ndinasiyira panjira. Munthu wosaloledwa kugwira ntchito, satifiketi akaidya?

Wondifunsa anali bambo waimvi. Amayi anandilera kuti wamkulu akamalankhula, maso pansi, manja pamodzi, osamudula mawu. Ndinachita zomwezo. Iye ankangolemba. Kenako anati, "Bwanji sukundiyang'ana? Ukubisa chiyani?" Ulemu wakwathu anautenga ngati bodza, n'kunena kuti munthu wotere akhoza kuthawa. Madzulo omwewo ndinali m'galimoto ya mawindo akuda, foni ndi lamba atandilanda.

Malo omwe anakanditsekera ali pafupi ndi bwalo la ndege. Alonda sankafuna kumva mawu akuti ndende. Wina anandiuza kuti, "Pano si ndende, mnzanga. Utha kutuluka lero lomwe, bola ukwere ndege." Ndege yake ya ku Lilongwe, komwe sindidziwa ngakhale basi yokwera.

Chipinda ndinkagona ndi bambo ena a ku Chipata, omwe kale ankalondera sitolo ku Wembley. Wakuba akamangidwa amauzidwa zaka zake, n'kumawerenga. Ife palibe anatiuza kanthu.

"Iwe mwana, osafunsa za tsiku," ankatero. "Tsiku ndiye lifunthisa anthu muno."

Mu Januwale kunabwera alonda kudzawatengera ku ndege. Bambowo anagwira chitsulo cha bedi. Sanachigwire nthawi yaitali. Masana kunabwera wokolopa.

Amayi anabwera kudzandiona Lamlungu lotsatira, akadali mu yunifomu. Atandiona mmene ndinaondera, anapita kwa mlonda wa pakhomo, kamnyamata ka msinkhu wanga, n'kugwada pa simenti, manja pamodzi. Iye anayesa agwa. Anathamangira madzi.

"Amayi, dzukani," ndinatero. "Uyu ndi wongotsegula zitseko."

"Khala chete iwe! Ukufuna akukweze ndegeyo?"

Ndinali ndisanawaonepo akugwadira munthu, koma Mulungu yekha. Tsiku limenelo sindinadye.

Mu Malichi, loya wina wongodzipereka anandifikitsa pamaso pa jaji, koyamba chitsekeredwe. Jajiyo anafunsa woimira boma chifukwa chimene ankandisungirabe. Munthu uja anatembenuza mapepala kwa kanthawi. Anandipatsa belo.

Pa zonse za ku koleji ndimakumbukira chimodzi: akuti ufulu wa dziko lino unayamba pomwe eni ake anamanga manja a mfumu yawo, kuti boma lisatsekere munthu popanda chiweruzo. Amanyadira zimenezi mpaka lero. Ine sindikupempha zachilendo, kapena chifundo. Abwerere ku lamulo lawo lomwe, basi. Boma lomwe lingasunge munthu miyezi chifukwa choti anayang'ana pansi lakula kupitirira msinkhu, ndipo silidzathera pa ife obwera.

Mlandu wanga sunathe, ndegeyo ikadalipo. Ananditulutsa ndi kachipangizo pa kakolo kowauza komwe ndili. Kamafuna kutchaja tsiku lililonse. Ndikulemba izi nditakhala pansi m'khitchini mwa amayi, mwendo uli pa soketi. Iwo akuti tithokoze Mulungu kuti ndili mfulu, ndipo andilumpha bwinobwino popita ku ntchito, kuopa kukoka waya.