Njinga ya Ambulansi M'chipinda cha Umboni

Mayi Selestina Ngozo, amene ku Champiti konse amawatchula kuti aNangozo, sukulu analekezera sitandade sikisi, koma cholembera sichichoka pamfundo ya chitenje chawo. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akhala akuthandiza pa sikelo ya ana ndi kulondola odwala TB osiyira mankhwala panjira. Wodwala akajomba, iwo amalemba tsiku ndi chifukwa chake, kenako n'kumutsatira mpaka kudimba. Amuna akuluakulu amalowa m'chimanga akangoona duku lawo.

Mu 2013 njinga ya ambulansi ya m'mudzi mwawo, ija yokoka kabedi ka matayala awiri, inabedwa. Apolisi anakaipeza ku Manjawira ikunyamula matumba a mbatata. Wakubayo anagwidwa, njingayo n'kutsekeredwa m'chipinda cha katundu wa umboni kukhothi mpaka mlandu udzathe. Miyezi isanu ndi iwiri inadutsa. Odwala anayambanso kuyenda pamachira. Zione, mwana womaliza wa aNangozo, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo anamwino anali atachenjeza kale kuti mwana sanagone bwino, asadzayerekeze kuchirira kunyumba.

Katatu konse aNangozo anapita kukhothi, katatu konse kalaliki, Bambo Maynard, anawabweza pawindo. Poyamba akuti a majisitireti ali ku semina. Kenako fayilo sikuoneka. Kenako galimoto yokatenga mkaidi ilibe mafuta. Kuno munthu akauzidwa kuti adzabwere mwezi wamawa amaomba m'manja n'kuthokoza, ngati wapatsidwa mbuzi.

Ulendo wachinayi anatenga buku.

“Lembani apa, bambo. Tsiku, chifukwa, ndi dzina lanu.”

“Mayi, kuno si kuchipatala,” anatero a Maynard osadzutsa mutu.

“Ndaona kale. Kuchipatala wodwala akasowa timamufunafuna.”

“Ndiye mwandiyesa wa TB ine?”

“Inu ayi, mwanenepa bwino. Wodwala ndi mlanduwu.”

Anthu a pabenchi anaseka mpaka mesenjala anatulukira kudzawakhalitsa chete. A Maynard anatseka windo. ANangozo analemba okha kuti “Akana kusaina,” n'kupempha anthu awiri kuti asainire ngati mboni. Mmodzi mwa iwo, mkulu wina wa ku Nzama, anati, “Mundilembereko ndi wanga, wa malire a munda. Watha zaka zitatu.” Pofika masana m'bukumo munali milandu khumi ndi umodzi, uliwonse ndi masiku ake ndi zifukwa zimene eni ake anauzidwa.

Mesenjala yemweyo ndi amene anawanong'oneza kuti Lachinayi kubwera mkulu woyendera makhothi a m'chigawo. Lachinayilo aNangozo anakhala pakhonde kuyambira m'mawa, ndipo galimoto itangoima anagwada pakhomo penipeni, buku lili m'manja awiri.

“Bwana, sindinabwere kudzaneneza munthu. Ndabwera ndi masiku.”

Mkuluyo anawerenga ataimirira. Anaitanitsa kaundula wa khothi n'kuyamba kufananiza. Zinapezeka kuti tsiku lina la semina a majisitireti analipo, koma anaweruka isanakwane leveni. Fayilo yosowa ija inatuluka m'kabati ya a Maynard, pansi pa manyuzipepala. Mkuluyo analamula kuti a majisitireti ndi a Maynard alembe kalata yofotokoza za mlandu uliwonse wa m'bukumo pasanathe sabata. Kenako anafunsa chifukwa chimene njingayo sanangoijambula chithunzi n'kuibweza kwa eni ake kuyambira pachiyambi. Analamula kuti aijambule n'kuipereka tsiku lomwelo.

A Maynard anatsegula chipindacho okha, makiyi akulira m'manja. Matayala onse anayi anali ataphwa n'kung'aluka, matiresi a pakabedi atadyedwa ndi makoswe.

“Musainire apa kuti mwalandira ili bwino,” anatero.

“Ndisainira kuti ndalandira. Zoti ili bwinozo musaine ndinu.”

ANangozo anaikankha choncho mpaka pamsewu, n'kuikweza pa lole ya makala. Dyton wokonza njinga analimbana nayo masiku atatu. Patatha sabata ziwiri, mvula ikuwaza, mwamuna wa Zione anapalasa njingayo kutsetsereka kupita kuchipatala, aNangozo akuthamanga pambali atagwira ambulera pamutu pa mwana wawo. Anafika nthawi ikadalipo.

Mlandu wa wakuba uja sunathebe. Auika pa 3 mwezi wamawa, ndipo mkulu wa ku Nzama uja watumiza kale uthenga kuti aNangozo adzamudikire pa siteji, adzapitire limodzi.