Amene Anakumba Manda a Esinati

Ndikukumbukira masamba amene mayi anandituma kukayala panjira m'mawa umene Esinati, mlongo wanga wamng'ono, anamwalira ndi chikuku. Kwathu ku Lirangwe masamba panjira ndiwo ankalengeza maliro: wa njinga ankatsika, wa chipewa ankavula. Tsiku limenelo ndinaima pansi pa mlambe n'kumaona anthu akuwalambalala, kudzera m'udzu wonyowa, nkhope atayang'anitsa kwina. Munali mu 1959, nyengo ya dzinja, asilikali a boma la Chitaganya atadzaza bwalo la ndege ku Chileka.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Bambo anali mlangizi wa malimidwe, wa kabudula wa khaki ndi njinga ya boma. Ntchito yawo inali kuona ngati anthu akumba akalozera ndi kulima mizere yopingasa monga lamulo linkanenera. Wosamvera ankamzulira mbewu, wina ankapita naye kubwalo la milandu. Anthu ankawatcha kapirikoni, dzina la ogulitsa dziko, ndipo kusukulu ndinkakhala pabenchi ndekha, zimene zinali ndi ubwino wake chifukwa ndinkatambasula miyendo.

Mwambo wa kwathu ndi wakuti mwini maliro sakumba manda. Amakumba ndi adzukulu, anthu a mabanja ena, ndipo ndiwo amanyamula mtembo ndi kuukwirira. Abale a bambo ku Chileka sakanatha kubwera poti msewu unali ndi asilikali. Amalume anazungulira mudzi wonse, nabwerako ndi yankho limodzi: akakumbe azungu ake. Dzuwa linakwera. Esinati anali gone pamphasa m'nyumba, atafundidwa chitenje cha mayi, ndipo ntchentche zinayamba kuchuluka. Mayi analira mpaka mawu anatha, popanda wowalandira kulirako.

Chakumasana kunabwera munthu mmodzi, khasu ndi nkhwangwa paphewa. Anali a Nampeya, osema mipini, amene makolo awo anachokera ku Mozambique. Chaka chapitacho bambo anawazulira chimanga chofika m'chiuno ndi kuwamangitsa. Kundende anabwerako opanda mano akutsogolo, ali ndi chifuwa chosatha. Amalume atawaona anaganiza kuti adzera kudzatukwana, moti anaima pakhomo. Iwo anangovula chipewa n'kufunsa kuti agogo ake a mwanayu anagona mbali iti ya manda.

Anthu ankati a Nampeya mutu wawo si wabwino. Anadulidwa mu mpingo atauza akuluakulu kuti Mulungu amene ali m'tchalitchi Lamulungu ndi yemweyo ali m'khola la mbuzi Lachiwiri, ndipo sachepa ngakhale pang'ono. Sankatsutsana ndi munthu. Ankati akamasema mpini pamafika nthawi imene sadziwa kuti dzanja lathera pati, mtengo wayambira pati, ndipo pemphero lawo ndi limenelo. Akuluakulu aja anawauza kuti alape. Anayankha kuti alapa ndithu akangopeza malo amene Mulunguyo kulibe, kuti akaimepo pobwerera kwa Iye.

Mayi anandituma kumanda, kumene a Nampeya anali atayamba kukumba, ndi chikho cha madzi. Dothi la ku Lirangwe ndi lamiyala, ndipo mvula inali italisandutsa phala pamwamba, pansi pali gwa. A Nampeya ankakumba pang'ono, n'kutsokomola, n'kulavula zofiirira m'dothimo. Adzukulu amayenera kuseka pamaliro, ndipo iwo sanasiye mbali imeneyo. Anandiuza kuti ndikaitane bambo adzayeze ngati dzenjelo lapingasa bwino, angawamangitsenso.

Bambo anali kale pomwepo, ataima kuseri kwa mtengo. Anasendera, nakhala pansi ndi khaki yawo m'matope. Anafunsa a Nampeya kuti akuchitiranji zimenezi kwa munthu amene anawalakwira chotere. Ndikuganiza kuti ankafuna kutukwanidwa, kapena kukhululukidwa, chilichonse mwa ziwirizo.

“Achimwene, simunandimvetse,” anatero a Nampeya. “Ine sindinabwere kudzakuchitirani chifundo. Lero m'mawa ndinamva kulira, ndiye ndinayesa kufufuza kuti wamwalira ndi mwana wa yani. Sindinapeze malire ake. Amene akupenya m'maso mwanumo ndi yemwe akupenya mwangamu. Ndi mano ake omwe anathera kundende kuja.”

Dzenje litafika m'mawondo, chifuwa chinawagwetsa a Nampeya, ndipo zinaonekeratu kuti okha samaliza dzuwa lisanalowe. Anapereka khasu kwa bambo. Amalume, amene anali atafika, anakana kuti zimenezo n'zosachitika, bambo wa mwana sakumba, tidzaitana imfa ina pakhomo.

“Pano palibe mwini maliro, palibe mdzukulu,” anatero a Nampeya akupuma movutikira. “Pali mwana woti agone. Kumbani.”

Bambo anakumba. Manja awo anali atazolowera chiwongolero cha njinga, ndipo anatuluka matuza amene anaphulika n'kudetsa mpini. Ankasinthana, wina m'dzenje, wina pamwamba akuchotsa miyala. Esinati tinamuika dzuwa likupendeka, atakulungidwa m'mphasa. Panalibe kwaya, panalibe mlaliki. Mayi anayamba nyimbo koma inawathera pakhosi, ndipo a Nampeya anaimaliza ndi mawu otuluka mphepo m'malo a mano aja.

Sindinganame kuti mudzi unasintha mtima. Palibe anabwera kudzapepesa. Sabata yomweyo anyamata anatentha chisakasa chimene a Nampeya ankasemeramo, ndipo pamsika mipini yawo inasiya kugulidwa. Mayi ankandituma kukawasiyira ufa mobisa. Tsiku lina ndinawapeza akusesa phulusa, ndipo nditafunsa ngati akuwadziwa amene anatentha, anati akuwadziwa bwino, kwa iwo onsewo ndi ana awo. Ndinakwiya nawo kwambiri tsiku limenelo, kuposa mmene ndinakwiyira anyamatawo. Miyezi ingapo itapita tinasamukira ku Chileka, bambo atasiya ntchito. Za imfa ya a Nampeya tinamva atakwiriridwa kale. Bambo mpaka kumwalira kwawo sanatchulepo dzina limenelo.

Masiku ano mabokosi a maliro amagulitsidwa m'mbali mwa msewu, mahema amabwerekedwa, ndipo maliro a munthu wodedwa amadzaza ngati pali mpunga. Ine ndakalamba ndikulemba nkhani m'nyuzipepala, kumene anatiphunzitsa kuti nkhani iliyonse ili ndi mbali ziwiri, ndipo ndatumikira lamulo limenelo mokhulupirika. Zimene a Nampeya ankaona sindinazionepo, ndipo sindingachitire umboni kuti n'zoona. Chimene ndingatsimikize n'chakuti m'mudzi wodzaza anthu odziwa bwino mbali yawo, mlongo wanga anaikidwa ngati munthu chifukwa cha mmodzi amene sankaiona mbali yake.