Injini Ziwiri za ku Sanaya

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinakawaona ababa ku Doha, ndipo kunena zoona ndinkapita kwa munthu amene ndinkangomudziwa mawu. Anachoka kwathu ku Chilomoni ndisanayambe sukulu. Akabwera kutchuthi, zomwe sizinkachitika kawirikawiri, ine ndinkakhalira kubisala kuseri kwa chitenje cha amayi mpaka tsiku lowaperekeza ku Chileka. Pafoni ankandifunsa za sukulu, ine n'kuyankha kuti zili bwino, foni n'kubwerera kwa amayi. Ngakhale liwu loti ababa silinkatuluka bwino pakamwa panga.

Ntchito yawo inali ya udalaivala pabanja lina ku Nuaija, dera lina la mzindawo. Abwana awo anali nkhalamba ya maso ofooka, yolankhula motsitsa. Chaka cha 2013, banja lonselo likuthawa kutentha kupita ku Ulaya, nkhalambayo inawakonzera ababa mapepala oti ine ndi amayi tikakhale nawo mwezi umodzi m'kachipinda kawo ka pafupi ndi geti. Unali Ogasiti. Titangotuluka m'bwalo la ndege, mphepo inandiwomba kumaso ngati ndasuzumira mu uvuni wa mkate, ndipo ndinkaganiza kuti pali chimene chikupsa penapake.

M'mawa mwake ababa anatitengera kuseri kwa nyumba yaikuluyo, kumene kunali chinthu chachitali chofunditsidwa lona. Anachotsa lonayo pang'onopang'ono ngati akuvundukula mwana wogona. Inali galimoto yakale ya ku America, yazitseko ziwiri, yobiriwira ngati botolo, boneti yake yaitali moti munthu akanagonapo osapinda miyendo. Amayi anaiyang'ana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, manja ali m'chiuno.

"Ndiye mkazi mnzanga uja ndi ameneyu, bambo a Zione?" anatero.

Ababa anaseka mwamanyazi. Amayi sankanama, pakuti miyezi yonse ya m'mbuyomo nkhani za pafoni zinkayambira pa ife n'kukathera pa galimotoyi. Inali ya abwana awo kuyambira pa unyamata wawo. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho mdzukulu wawo anaithamangitsa yopanda madzi mpaka injini inanoka. Nkhalamba ija, podziwa kuti ababa anaphunzira umakaniko, inawauza kuti afune injini ina iliyonse imene mtima wawo ukufuna, iyo ilipira, bola galimotoyo idzuke. Ikadzuka azidzaitengera nkhalambayo kumzikiti ndi kumsika, ndipo masiku awo opuma azidzayendera okha. Anali mawu a kamodzi, ndipo ababa ankadziwa kuti mwayi wotero sudzawapezanso.

Injini imene ankaifuna anali ataipeza kale. Madzulo ake anatifotokozera kuti ali mnyamata, akuphunzira ntchito pagaraja ina ku Limbe, kunabwera galimoto yamtundu womwewu ya mlimi wina wa ku Thyolo. Iwo sanaloledwe kukhudza boneti, anangopatsidwa ndowa kuti atsuke matayala. Koma mwiniwake atailiza, malata a garaja ananjenjemera, ndipo kulira kumeneko sikunawachoke m'khutu. Ankati magalimoto amenewa ankatuluka ndi injini zamitundu iwiri, zonse zamasilinda eyiti, koma ina yaikulu ndi yolemera, ina yocheperapo. Ya mlimi uja inali yaikulu. Ndipo yaikulu yoteroyo inalipo ku Sanaya, dera la magaraja ndi zitsulo zakale kunja kwa mzinda, kumene ankapita kukangoiyang'ana akapeza mpata.

Tinapitako dzuwa litapendeka, pa pikiapu ya pantchito. Tinatengana ndi mnzawo wa ababa, ankolo Sakala, mlonda wa pahotela ina, wochokera ku Chipata, munthu wosatha kukhala chete. Ku Sanaya kunali fumbi loyera, fungo la oyilo wopsa, ndi magalimoto ophwanyika osanjikizana ngati nkhuni. Wogulitsa anali bambo wamtali wa ku Sudan, amene anawalandira ababa ngati m'bale wake. Anatilowetsa m'shedi momwe injini ziwiri zinakhala pa zitsulo zake, moyandikana. Yaing'onoyo inali yakuda, yosaoneka bwino. Yaikuluyo inali yopakidwa penti yofiira, yotakata ngati chifuwa cha ng'ombe.

Bamboyo analumikiza batire, n'kuika paipi m'chigubu cha petulo, n'kuiliza yaikuluyo.

Sindinamvepo chinthu chotero, ngakhale mpaka lero. Sikunali kulira kongomvera m'khutu. Kunalowera kumapazi, kukwera m'miyendo, n'kudzakhala m'mimba. Masipanala a patebulo anayamba kuyenda okha. Nditatembenuka ndinaona ababa atavula kapu yawo, atagwira pachifuwa, nkhope yawo ili ngati ya munthu amene wamva nyimbo ya kwawo ali kutali. Injiniyo itazima anandiyang'ana n'kundifunsa kuti ine ndikufuna iti.

"Yofiirayo," ndinatero. "Yaikuluyo. Tigule imeneyo, anthu azitimva tikubwera."

Anaseka mpaka misozi. Anali mawu ambiri kuposa onse amene ndinawalankhulapo kwa iwo maso ndi maso.

Kenako anayamba kukambirana ndi wogulitsa uja, Chingerezi chosakaniza ndi Chiarabu, ine n'kumangotolako apa ndi apo. Ankolo Sakala ndi amene ankatimasulira. Galimoto ya abwana inabadwa ndi injini yaing'ono, choncho yaing'onoyo ikanangokhala pamalo pake n'kumangidwa mabawuti. Yaikuluyo inkafuna zambiri: radiyeta yokulirapo, masipuling'i olimba akutsogolo oti anyamule kulemera kwake, zomangira zina, mwinanso giyabokosi. Zonsezo zinali zoitanitsa kunja, ndipo zikanafika nyengo yozizira itayamba, ife titabwerera kalekale ku Blantyre.

Ankolo Sakala sanaone vuto. Anati mapatsi adzabwera, inshala, Mulungu akalola, palibe chothamangira, ndipo banja lidzabweranso ulendo wina kudzakwera chinthu chenicheni. Amayi anali atakhala patayala lakale pakhomo la shedi, akudzipepesa ndi katoni. Analankhula osakweza mawu.

"Zione akadzabweranso kuno adzakhala namwali," anatero.

Ababa anaika dzanja pa injini yofiirayo, yomwe inali ikadali yotentha, n'kulichotsa. Anavala kapu yawo.

"Khalasi, basi," anauza wogulitsayo. "Tipatseni yaing'onoyo."

Ankolo Sakala anagwira kumutu. Pobwerera, titalowa mumsewu waukulu, ine ndinalephera kupirira n'kuwafunsa ababa chifukwa chake. Anandiyankha ngati akuyankha munthu wamkulu. Anati galimoto ya tsiku ndi tsiku si ya mpikisano. Mumzinda muno umayenda pang'ono n'kuima, kuyenda pang'ono n'kuima, ndipo injini yaikulu ikamaima padzuwa lotere imawira. Imalemeretsa mphuno ya galimoto moti pokhota umachita kulimbana ndi chiwongolero. Imamwa petulo ngati ili paukwati. Mphamvu zake zonsezo ulibe kozigwiritsa ntchito pakati pa nyumba ndi msika. Yaing'ono imapepuka, imazizira msanga, ndipo ikadwala mankhwala ake amapezeka pafupi. Zonsezi zinali zoona, ndinadzazitsimikiza nditakula. Koma ankazinena maso ali pamsewu, ndi mawu a munthu amene akudzilangiza yekha.

Ntchito inayamba m'mawa mwake. Tinkadzuka kusanache bwino, chifukwa dzuwa likangokwera chitsulo chinkawotcha ngati mbaula. Poyamba ndinkangoima patali ndi mkwiyo wanga, koma ababa anandipatsa beseni la petulo ndi kabulashi kuti ndizitsuka mabawuti, ndipo mkwiyo sukhalitsa m'manja otanganidwa. Anandiphunzitsa kuwerenga masipanala a ku America, omwe manambala ake ndi a mainchi. Anandionetsa kuti bawuti umayamba kuimanga ndi zala, sipanala imabwera pambuyo. Akalowa pansi pa galimoto ndinkangoona mapazi awo, ndipo kulankhula ndi mapazi kunali kosavuta kusiyana ndi kulankhula ndi nkhope. Ndinawauza za mphunzitsi wathu wa masamu, za galu wa aneba amene anandiluma, za mnzanga Tadala amene tinadana chifukwa cha chingwe chodumphira. Iwo ankafunsa mafunso kuchokera pansipo, ndipo tsiku lina ndinangozindikira ndikukuwa kuti, ababa, sipanala yanu iyi, osaliganizira n'komwe liwulo.

Amayi ankadandaula za oyilo pa madiresi anga, komabe ankabwera ndi madzi ozizira n'kukhala pachidebe kumationerera. Ankolo Sakala anabwera ndi anzawo awiri tsiku lotsitsira injini m'malo mwake, akunenabe kuti mudala walakwitsa.

Inalira tisanafike pakati pa mwezi. Kulira kwake kunali kwabwino, kokhuthala, koma masipanala sanayende okha. Ababa anaimvetsera atapendeketsa mutu, anakhudza kabureta pang'ono, kenako anatsegula chitseko n'kukankhira mpando kutsogolo kuti ndilowe kumbuyo.

Masiku otsalawo tinayenda tsiku lililonse. Munalibe choziziritsa mpweya, choncho tinkatuluka m'mamawa kapena dzuwa likamalowa, mawindo ali pansi. Mipando inkawotcha ntchafu moti tinkayala matawulo. Windo la mbali ya amayi linkakana kukwera, ndipo mphepo inkawavula duku, iwo n'kumaseka kuseka kumene sindinkakudziwa. Tinkadutsa m'mbali mwa nyanja, kumene ngalawa zamatabwa zinkayandama patsogolo pa nyumba zazitali zagalasi. Tinkaima pakashopu kena, ababa n'kuliza hutala, mnyamata n'kutibweretsera tiyi wa karaki m'timakapu tapepala, wotsekemera, wonunkhira zokometsera. Tinkapita kukagula anyezi, kukatenga ankolo Sakala akaweruka, nthawi zina osapita kulikonse. Pamzere wa magalimoto ababa ankandiuza kuti ndiziyang'anira muvi wa kutentha. Sunasunthepo kupitirira pakati, ndipo ndinkawauza zimenezi monyadira ngati ndine ndaugwira.

Madzulo ena, ulendo wathu utatsala pang'ono, tinaima pamaloboti ku Al Hilal. Pambali pathu panadzaima galimoto ina yakale yamtundu wathu womwewu, yakuda, mnyamata wovala zoyera ali pachiwongolero. Ndinaimva m'mimba ndisanaione. Mnyamatayo anayang'ana yathu, anakweza chala chachikulu, ndipo loboti itasintha anachoka ngati waponyedwa ndi legeni. Ababa anachedwa kunyamuka mpaka a kumbuyo anatiimbira mahutala. Ankaiyang'ana ikupita.

"Ndi injini ija?" ndinafunsa.

"Ndi mtundu wake womwewo."

"Mukuifunabe?"

Ndinkayembekeza kuti andiuzanso za radiyeta ndi petulo. Koma anandiyang'ana pagalasi loonera kumbuyo.

"Kwambiri, mwanangu," anatero. "Ndikuifuna kwambiri." Analowetsa giya, n'kufunsa amayi ngati tikadali ndi mkate kunyumba.

Sindinabwererenso ku Doha. Ababa anakhalako zaka zina zingapo chifukwa sukulu yanga inkafuna zimenezo, koma macheza athu a pafoni anasintha, moti amayi ankachita kundilanda foniyo. Ankandiuza kuti nkhalamba ija imakhala kutsogolo popita kumzikiti, dzanja lili pawindo, ikumwetulira msewu umene sinkauonanso bwino. Injini yofiira ija inagulidwa ndi munthu wina chaka chisanathe. Nkhalambayo itamwalira, ana ake anawathokoza ababa n'kuthetsa kontirakiti, ndipo galimoto inatsala komweko. Anabwera kwathu ndi masutikesi ndi bokosi la masipanala a mainchi omwe sankagwira pagalimoto iliyonse ya ku Chilomoni. Anakonza maminibasi pansi pa mtengo wa mango mpaka pamene matenda a shuga anawafooketsa. Tinawaika chaka chatha.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu akasankha bwino, mtima umakhala pansi, chimene wasiyacho n'kuleka kumuwawa. Ndinkaganizanso kuti ngati chikumuwawabe ndiye kuti analakwitsa. Ababa sanalakwitse, ndipo sikunaleke kuwawawa. Anali ndi mwayi umodzi wokhala ndi chinthu chimene anachilakalaka kuyambira ali mnyamata, ndiponso mwezi umodzi wokhala ndi mwana amene sankawadziwa, ndipo ziwirizi sizikanakwana m'galimoto imodzi. Chimene ndimachiona tsopano n'chakuti sanandinamize kuti zinali zopepuka, komanso sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi kuti anachita zimenezo chifukwa cha ine. Ndinachita kuzindikira ndekha, mochedwa, iwo atayamba kale kuiwala mayina a misewu ya ku Doha. Ndinawauza ali pabedi kuchipatala kuti ndikudziwa chifukwa chake anasankha yaing'ono ija. Anatseka maso, ndipo ndinkaganiza kuti agona.

"Inali injini yabwino," anatero. "Sinatisiyepo panjira."