Sikuta Yosalira ndi Belu la Apongozi

Abwana anga, amene ali ndi sitolo ya masola ndi mabatire pa boma la Dedza, anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi njinga ziwiri zoyendera magetsi, zimene amati sikuta. Anati ndiziyese zonse, ndiwauze imene anthu akuno angagule. Ntchito yotere n'kukana? Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Yoyamba inali ya m'tauni, kanthu koyera, kopepuka, ka timatayala tosalala. Pa tala kankathamanga bwino, kankazembera maminibasi ndi amayi ogulitsa kachewere popanda vuto, ndipo batire lake ndinkalinyamula ndi dzanja limodzi kukatchaja m'nyumba. Koma ungosiya tala, mayo ine! Mwala uliwonse unkaumva m'mano. Nditakayesa pa msewu wa magalimoto a matabwa wokwera phiri, kanafooka pa chitunda choyamba, ine n'kutsika kumakankha, ocheka matabwa akundikuwiza. Kanalinso ndi kaphokoso kake ngati ka udzudzu.

Inayo inali chinthu chosaoneka bwino, chakuda, cholemera, cha matayala onenepa a manomano. M'tauni chinkanditopetsa pokhota ndi poimika, ndipo batire lake linkachedwa kudzaza, makamaka magetsi akamazimazima. Koma m'nkhalango ya paini chinkangokwera, m'matope, m'mizu, m'miyala, osadandaula. Ndipo sichinkalira. Zii! Unkangomva mphepo m'makutu. Ndinauza abwana kuti ubwino wake waukulu ndi umenewo. Pakamwa pangapa!

Masiku amenewo mkazi wanga ndi mwana wathu wakhanda ankakhala kwawo kwa Kaphuka, ine ndekhandekha pa boma, kugona m'nyumba yozizira, kumuona mwana pa foni. Kuno mwamuna sangonyamula mkazi n'kumapita naye, amakapempha chitengwa kwa eni mbumba. Mawu ndinali nditatumiza kale, ndipo amalume ake a mkazi wanga anati ndibwere Loweruka. Mkazi wangayo anandichenjeza kuti, "Amalume alibe vuto. Koma amayi akakana, kwatha. Akuti kutauni anthu amataya mwambo."

Ndinatenga chakuda chija, poti msewu wa kumeneko ndimaudziwa. Kumbuyo ndinamanga shuga ndi chitenje cha apongozi, chofiira cha maluwa achikasu, m'jumbo yoonekera mkati. Njira yonse ndinkangochiyamikira. Maenje amene akabaza amatukwana nawo, icho chinkangowameza.

Njira yachidule yolowera m'mudzimo imatsetsereka n'kuwoloka kamtsinje pamene amayi amachapa ndi kusamba. Mwamuna aliyense, ngakhale woledzera, amaima patali n'kufuula kuti "Kumadziko!" ndipo amadikira mpaka amuyankhe. Akabaza a njinga zamoto safuulanso masiku ano. Phokoso limawatsogolera akadali kumtunda, amayi n'kumangiratu nsalu. Ine ndinkabwera pa kabaza nthawi zonse, moti sindinaganizepo kuti injini ndi imene inkandinenera odi.

Ndinatsetsereka mwakachetechete ngati mphaka, n'kukhota pa nsungwi, ndipo ndinali pamadzi.

Sindinena zimene maso anga anaona. Apongozi anga, munthu amene ndikakumana naye panjira ndimapatukira kutchire, amene chikwatirire sindinamuyang'anepo kumaso, anali pamenepo, sopo kumutu, nsalu itayanikidwa pa chitsamba. Anadzigwetsa m'madzi, khuvu! Mayi wina amene ankachapa anakuwa. Ine mutu unaima. Kuima ndiye kuwonjeza, kubwerera ndiye kuyang'ananso. Ndinangopotoza chogwirira n'kuwoloka, madzi kuthovukira mpaka m'maondo. Kaja ka m'tauni kakanandititimira pamchenga ndisanafike, ndikanatsika n'kukumbukira kufuula. Ichi sichinazengereze n'komwe.

Nditafika kumtunda ndinachikankhira m'mabulugama, n'kuvula helemeti, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Ndinafuna kubwerera ku boma, Mulungu ndi mboni. Koma ndinaganiza za mwana wanga. Ndinadzilimbitsa mtima kuti helemeti yandibisa nkhope. Ndinamasula katundu, ndinazungulira kumunda, n'kulowa m'mudzi wapansi, kuchokera kumsewu waukulu.

Tinakhala pakhonde, amalume pampando, ine pa kachitsa. Apongozi anabwera mochedwa, nakhala pambali pa nyumba atandifulatira, monga mwa mwambo. Mkazi wanga anawapititsira mphatso atagwada. Anatulutsa chitenje chija m'jumbo, n'kuchitambasula, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Apo ndi pamene ndinakumbukira kuti jumboyo inali kumbuyo kwa njinga, poonekera dziko lonse.

"Achimwene," anatero apongozi polankhula ndi amalume, "lero kumadzi kwadutsa zachilendo. Njinga yosalira, wokwerapo wake wosalankhulanso. Ngakhale chifuwa chabe, ayi. Kaya ndi mwana wa yani."

"Aa! Osanena odi?" Amalume anatembenukira kwa ine. "Akamwini, inu a kutauni, njinga zoterezi mumazidziwa?"

"Ndimaziona," ndinatero, maso ali pansi. "Ndi za magetsi. Zilipo za mitundu iwiri, ina ya pa tala, ina ya m'misewu yathu ino." Ndinayamba kufotokoza za matayala ndi mabatire, ine chitsiru, pofuna kuti nkhani ipite kwina.

"Zamatayalazo zisiyeni," anandidula amalume. "Munthu woteroyo mungamutchule kuti chiyani?"

Mkazi wanga ankayang'ana thalauza langa, lonyowa mpaka m'maondo.

"Ndi wopanda mwambo," ndinatero.

"Kwezani mawu, alongo angawa amve."

"Ndi wopanda mwambo ndithu!"

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ndinkadikira kuti apongozi angonena mawu amodzi, ndilipitsidwe, mudzi wonse useke, za chitengwa n'kuthera pomwepo. Mayi wochapa uja anali atafika kale, ataima pa nkhokwe, makutu ali tcheru.

Amalume anayambitsa nkhani imene ndinadzera, n'kufunsa alongo awo maganizo. Apongozi anapinda chitenje chija bwinobwino, n'kuchiika pamiyendo.

"Mwana wanga apite," anatero. "Uja wa kumadzi ndi mlendo, mwina wa ku Mayani, sindikumudziwa. Koma bambo a mdzukulu wangawa ndi aulemu. Taonani, abwera wapansi."

Ndinaomba m'manja kuthokoza.

Potsazika, mkazi wanga anandiperekeza, mwana ali kumbuyo. Anangolunjika njira ya kumabulugama ngati ndinamuuza. Titafika pamene ndinabisa njinga, anamasula mfundo ya nsalu yake n'kutulutsa belu lakale la dzimbiri. Ndinalizindikira. Linali la njinga yakapalasa ya malemu bambo ake, imene apongozi amaisunga kuchipinda ndipo salola munthu kuikhudza.

"Amayi akuti mukakumana naye mlendo uja, mum'patse," anatero. Kenaka anaseka mpaka mwana anadzuka.

Abwana ndinawauza kuti koyerako agulitse kwa a m'tauni, chakudacho kwa a kumudzi, koma chisatuluke m'sitolo chopanda belu. Anati hutala ilipo kale. Sindinawafotokozere.

Mkazi wanga ndi mwana ndikukhala nawo pa boma. Apongozi sanaitchulenso nkhaniyo, ndipo chitenje chija amavala popita ku Misa. Tikamapita kukawaona, ndimaima kumtunda kwa kamtsinje kaja, ndimaliza belu la malemuwo, ndimafuula "Kumadziko!" n'kudikira, ngakhale m'chilimwe madzi ataphwa.