Ng'ombe ya Amai Imene Sitinadye

Chaka changa choyamba ku koleji ya za ziweto ndinali mbuli yotheratu. Maina a matenda ndikawaloweza m'mawa, pofika masana anali atauluka. Mphunzitsi wina, mai wamfupi wosaseka, anandiuza kuti, "Chimene sungathe kufotokozela amai ako m'chinenelo cha kwanu, sunachidziwe. Leka kuloweza ngati chinkhwe."

Ndinakwiya, pakuti ndine wa mtima wapachala kuyambila kale. Koma pa holide, nditabwelela kwathu ku Sandwe, ndinayesa. Amai akakhala pakhonde kusenda nshawa, ine ndinali kutsegula buku ndi kuwauza za nkhupakupa, za njoka za m'mimba, za matenda a nkhumba. Ndikafika pamene ndinangoloweza osamvetsa, lilime linali kuuma, ndipo amai anali kunena osakweza ndi mutu womwe, "Wakakamila apo? Bwelela." Masiku ena anali kuodzela nshawa zili m'manja. Ndinali kudziona ngati ndilankhula ndi mphasa.

Amai anali ndi ng'ombe imodzi yolimila, yofiila, imene inali kumangidwa pa joko limodzi ndi ya amalume. Tsiku lina m'mawa tinaipeza yafa m'khola, chikhalilecho madzulo ake inadya bwinobwino. Chakudza sichiimba ng'oma.

Kwathu ng'ombe ikafa siikwililidwa. Mwini wataya, inde, koma mudzi udya, ndipo anthu pobwela ndi mabeseni amabwelanso ndi mau opepesa. Ndiwo malilo ake a ng'ombe. Dzuwa lisanakwele amalume anali atanola kale mpeni, azimai ataima kunja kwa khola.

Ndinalowa kukaona. Mimba inali itatupa kale. Magazi akuda anali kutuluka m'mphuno ndi kumbuyo, osaundana. Ndinakankha mwendo ndi ndodo, unali wofewa, wosauma monga imachitila nyama yakufa. Mantha anandigwila. Izo ndi zizindikilo za antilakisi, matenda amene amapha ndi anthu omwe, wosenda chikopa ndi wakudya nyama.

"Amalume, musaitumbule," ndinatelo. "Iyi ndi yokwilila."

Iwo anaseka. "Chaka chimodzi cha sukulu waiwala kale kukoma kwa nyama? Ife zimenezi tinayamba kudya iwe usanabadwe."

Anthu anaseka nawo. Ine magazi anawila, ndipo chimene chinatuluka pakamwa ndi Chingelezi chokhachokha. Aa, apo ndiye ndinawapatsa choseka chenicheni. Choipitsitsa, mumtima sindinali wotsimikiza. Matendawo ndinali nditawaona m'buku mokha. Amalume anandikankhila pambali ndi chigongono nagwila nyanga.

Pamenepo amai anafika naima pa chipata cha khola.

"Achimwene, bwezani mpeni," anatelo, osakweza mau. "Magazi akakana kuundana, nyama siitumbulidwa. Mukaitumbula, matenda alowa m'dothi ndipo akhala m'menemo zaka, ng'ombe yanu idzadya udzu pomwepo. Wosenda amatuluka chilonda chakuda pa dzanja. Ndi ana awa mufuna kuwapatsa msuzi wake?"

Anali mau anga, amene ndinawanena tsiku lina ndili kuganiza kuti amai agona.

"Nanga ngati mwanayu walakwa?" anafunsa amalume.

"Ngati walakwa, yotayika ndi yanga."

Amalume anayang'ana mlongo wao nthawi yaitali, kenaka anabweza mpeni. Ndinakwela pa chulu pamene foni imagwila, ndinaimbila a ofesi ya za ziweto ku Petauke. Anati aliyense asaigwile, tikumbe dzenje lakuya pafupi pomwepo, tiitenthe ndi kukwilila. Tinachita zimenezo. Amai anaponyamo ndi chingwe chake chomwe. Mabeseni anabwelela opanda kanthu, ndipo panali makomo ena amene anasiya kutiyankha moni mpaka mvula inagwa.

Chaka chimenecho amai analima ndi khasu, joko lili pa denga la nkhokwe. Kodi inalidi antilakisi? Mpaka lelo palibe anganene motsimikiza, pakuti mseu wa kwathu ndi woipa ndipo oyeza sanafike ng'ombe isanakwililidwe.

Tsiku lobwelela ku koleji amai anandipelekeza kukadikila galimoto. Panjila ndinawafunsa ngati tsiku lija anali otsimikiza kuti nyamayo inali yoipa.

Anandiyang'ana modabwa. "Ine ndidziwa chiani za magazi a ng'ombe? Unandiuza ndiwe."

Galimoto itafika ndinakwela. M'galimoto monse ndinali kuganiza za masamba amene ndinawalumpha m'buku lija, ndi ena amene ndinawafotokoza mothamanga kuti ndimalize msanga. Zonse zimene ndinawauza, amai anazisunga monga ndinazinenela. Nditafika ku koleji ndinayambilanso bukulo pa tsamba loyamba.